Chiifugao achisiya pakhomo, pomwe ku Taiwan chilankhulo chilichonse chili ndi kalembedwe kake

Lamulo la Republic Act 12027 la mu 2024 landiwawa. Dziko la Philippines lasiya kuphunzitsa ana a m'makalasi oyambirira m'chilankhulo cha makolo awo, labwerera ku Filipino ndi Chingerezi. Akuti sukulu ikhoza kupitiriza ngati ana onse a m'kalasi amalankhula chilankhulo chimodzi, koma pakhale kalembedwe kovomerezeka, mabuku a galamala ndi aphunzitsi ochidziwa. Kwa Aifugao, anthu a m'mapiri a chigawo cha Ifugao kumpoto kwa dzikolo, apa ndi pomwe pali msampha.

Chiifugao chili pa nthambi zinayi zazikulu: Tuwali cha ku Kiangan, Amganad, Batad ndi Mayoyao. Zonse zimalembedwa ndi zilembo za Chilatini, koma pomwe Tuwali imatchula k, a ku Batad amangodula mpweya pakhosi. "Zambiri" ku Kiangan ndi dakol, ku Batad ndi do'ol. Kadulidwe ka pakhosika nakonso kalibe chizindikiro chimodzi: mabuku a Tuwali amaika kamzere, monga mu ha-oy, a Batad amaika kachizindikiro ka m'mwamba kaja timalemba mu ng'ombe. Mwana wa ku Batad mukampatsa buku la ku Kiangan amakakamira pa mzere woyamba, mphunzitsi n'kunena kuti chilankhulo cha makolo chikuchedwetsa ana. Ndipotu pa zilankhulo 19 zimene unduna wa zamaphunziro unasankha kuti ziziphunzitsira ana pofika 2013, Chiifugao munalibe.

Tawolokani nyanja kumpoto. Taiwan inakhazikitsa kalembedwe ka zilankhulo za eni nthaka mu 2005, ndipo lero imawerengera nthambi 42 za mitundu 16, iliyonse ndi mabuku ake ndi mayeso ake. Sanakakamize Aamis onse, womwe ndi umodzi mwa mitunduyi, kulemba mofanana. Mu 2017 anachita kuzitcha zilankhulo za dziko. Manila ikadangotengerako theka la khama limeneli!

Chilungamo chake, Taiwan ili ndi ndalama, komanso ikuthamanga chifukwa zilankhulo zina zatsala m'kamwa mwa nkhalamba zowerengeka. Ku Ifugao ana akuchilankhulabe m'minda ya mpunga ya m'mapiri, ndipo mtanthauziramawu wa Batad wa Leonard Newell ulipo kuyambira 1993. Koma boma la Philippines lomwe limanyadira kuti UNESCO inalemekeza nyimbo zamakolo za Aifugao zotchedwa hudhud mu 2001 ndi lomwelo linasiya chilankhulo cha adzukulu a oimba hudhud kunja kwa zilankhulo 19 zija.