Unknown Pleasures ndi ntchito ya anyamata amene ankafuna kukhala ndi moyo

Anzanga okonda nyimbo, pali chinthu chimene chimandiwawa anthu akamakamba za gulu la Joy Division la ku England ndi chimbale chawo choyamba, Unknown Pleasures. Nkhani yake amaiyambira kumanda. Amati woimba wawo, Ian Curtis, anadzipha ali ndi zaka 23, ndiye mvetserani mmene ankatsanzikira. Ine zimenezo ndimazikana. Chimbalechi chinajambulidwa mu Epulo 1979, pomwe Curtis anamwalira pa 18 Meyi 1980. Pakatipo panadutsa chaka chathunthu, ndipo mwezi umene ankajambulawo ndi womwe mkazi wake anabereka mwana wawo wamkazi. Amene ankalowa mu situdiyo ija anali anyamata anayi ofuna kumveka, ofuna kusiya ntchito zolembedwa, okangana za mmene gitala imvekere.

Chiyambi chawo n'chosavuta kuchimvetsa. Pa 4 Juni 1976 Bernard Sumner ndi Peter Hook, anyamata a ku Salford, anakaonera gulu la Sex Pistols ku Lesser Free Trade Hall mumzinda wa Manchester. Anatulukamo akuti ngati awawa akutha kuimba, ifenso titha. Hook anabwereka ndalama kwa mayi ake n'kukagula gitala ya bezi asakudziwa n'komwe kuiliza. Kenaka anapeza Curtis ndi woimba ng'oma Stephen Morris, onse a ku Macclesfield. Poyamba gululo linkatchedwa Warsaw.

Pa siteji anali aphokoso, othamanga, aukali. Ndipo phokoso limenelo ndi limene ankafuna kuti lilowe m'chimbale. Anapita ku Strawberry Studios ku Stockport, n'kumajambula kumapeto kwa sabata kokha, masabata atatu, chifukwa mkati mwa sabata ena mwa iwo anali pantchito. Kumeneko anagwira ntchito ndi munthu amene anali ndi maganizo ena, wojambula nyimbo Martin Hannett.

Apa ndi pamene ndimafuna tikhalepo pang'ono, chifukwa mtima wa chimbalechi uli pa mkangano umenewu. Hannett anatenga phokoso lawo n'kulichotsa mnofu. Anatsitsa gitala ya Sumner. Ankafuna ng'oma iliyonse imveke payokha, yoyera, isasakanikirane ndi inzake, ndipo mawu a ng'omazo ankawadutsitsa m'kachipangizo katsopano ka kampani ya AMS kochedwetsa mawu pang'ono kuti abwerere ngati agunda khoma. Anajambula galasi likusweka, anajambula chikepe cha m'nyumbamo chikutsekeka zitseko, zonsezo n'kuziika m'nyimbo. Zotsatira zake, ukamamvera umakhala ngati uli wekha m'nyumba yaikulu yosungiramo katundu itatsekedwa, pamene ngakhale phazi lako limakubwerera m'makutu. Manchester wa nthawi imeneyo analidi wotero, mafakitale akutsekedwa, nyumba zikugwetsedwa.

Hook ndi Sumner atamva chimbale chitatha, anakhumudwa kwambiri. Ankaona kuti awalanda mphamvu zawo, awasandutsa gulu lozizira. Ine ndimawamvetsa, chifukwa palibe amene amakondwa mlendo akamukonzera nyimbo yake. Komabe ndimaima ndi Hannett. Magulu aphokoso mu 1979 analipo ambirimbiri ku Britain, ndipo ochuluka aiwalika. Chimene Hannett anamva mwa anyamatawa ndi mpata umene unali pakati pa zida zawo, ndipo anaukulitsa. Mu mpata umenewo ndi mmene bezi ya Hook imaonekera bwino. Iyeyo ankailiza m'mwamba, ngati gitala yotsogolera nyimbo, chifukwa chokuzira mawu chake chinali chotchipa moti akaliza pansi sankadzimva. Curtis ndi amene anamulimbikitsa kuti azipitiriza choncho. Umphawi wa zida unabala kalizidwe kamene oimba bezi ambiri akutsanzira mpaka lero.

Kampani imene inatulutsa chimbalechi, Factory Records, inali yaing'ono, ndipo ichi chinali chimbale chake choyamba chachitali. Mmodzi mwa eni ake, Tony Wilson, anali muulutsi pa wailesi yakanema ya Granada, ndipo anaikapo ndalama za m'thumba mwake. Mgwirizano wawo unali wakuti phindu azigawana pakati ndi pakati, ndipo nyimbo zikhale za oimba. Anasindikiza makope 10,000 oyamba, chinatuluka mu Juni 1979, osatulutsapo nyimbo ngakhale imodzi payokha yokopera ogula. Oimba athu amene amadandaula za kudyeredwa masuku pamutu angapeze phunziro apa, ngakhale ndiyenera kunena kuti Factory yomweyo inagwa ndi ngongole mu 1992.

Chikuto chake ambiri mwachionapo pa masikipa: mizere yoyera yokwera ndi kutsika ngati mapiri, pa nsalu yakuda. Anachikonza ndi Peter Saville, ndipo kutsogolo sanalembepo dzina la gulu kapena la chimbale. Mizere ija ndi mafunde ochokera ku nyenyezi yotchedwa CP 1919, imene Jocelyn Bell anaitulukira mu 1967 ali wophunzira ku Cambridge. Mphotho ya Nobel ya 1974 inapita kwa mphunzitsi wake, iye osalandira. Ndimakonda kuti ntchito ya mayi ameneyu ikuyenda pa zifuwa za anthu padziko lonse, ngakhale ovalawo ambiri sakudziwa.

Tsopano za matenda a Curtis, zimene ndimafuna tizikambe mwaulemu. Anali ndi khunyu. Anagwa koyamba moonekera mu Disembala 1978 akuchokera koimba ku London, ndipo madokotala anatsimikiza matendawa mu Januwale 1979. Ntchito yake ya masana inali ku ofesi ya boma ku Macclesfield, yothandiza anthu olumala kupeza ntchito. Kumeneko anadziwana ndi mtsikana wina wodwala khunyu amene ankabwera kudzafuna ntchito, kenaka anasiya kubwera, ndipo Curtis anadzamva kuti wamwalira. Nyimbo ya She's Lost Control imakamba za iyeyo. Ndikaimvera ndimamva mnyamata amene akuyang'ana mnzake ndi chifundo komanso mantha, podziwa kuti nayenso ali m'njira yomweyo. Amenewo ndi mawu a munthu amene akufuna kupulumuka.

Chomvetsa chisoni n'chakuti kavinidwe kake pa siteji, kogwedeza manja mwamphamvu, kankafanana ndi kugwa kwake, moti nthawi zina anthu ankaombera m'manja iye akudwaladi. Kusagona, maulendo ataliatali ndi magetsi othwanima zonse zinkamuipira. Mu Epulo 1980 anagwa pa siteji ku Rainbow Theatre ku London, usiku womwewo n'kupitanso kukaimba malo ena. Anzake anali ana, sankadziwa chochita, ndipo iwo eni akhala akuvomereza zimenezi. Ife kwathu kuno tikudziwa mmene munthu wakhunyu amasalidwira, ena kumuthawa poganiza kuti awapatsira, ena kunena kuti walodzedwa. Khunyu sipatsirana, ndipo mankhwala ake kuchipatala alipo. Ndiye ndikamva munthu akukometsa imfa ya Curtis ngati chokongoletsera nyimbo, mtima umandipweteka, chifukwa amene tikukamba ndi bambo wamwana mmodzi amene ankafunika kupuma ndi chisamaliro.

Chimbalechi sichinagulidwe kwambiri chitangotuluka. Chinayenda pang'onopang'ono, wina kuuza mnzake. Koma mamvekedwe ake anafalikira. Gulu la U2 la ku Ireland linakajambula nyimbo ndi Hannett yemweyo mu 1980. Patapita zaka zoposa 20, magulu monga Interpol a ku New York ndi Editors a ku Birmingham anabwera ndi bezi yotsogola, ng'oma zouma ndi mawu akuya, aliyense womvera n'kudziwa kumene anatunga. Mu 2019, chitakwanitsa zaka 40, anachitulutsanso ndipo chinafika pa nambala 5 pa mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku Britain.

Atatu otsalawo sanasiye. Anatenga Gillian Gilbert n'kupanga New Order, gulu limene linalowetsa nyimbo zovinira m'dziko la magitala. Hannett anamwalira mu 1991. Hook, amene poyamba anadana ndi mamvekedwe a chimbalechi, anadzavomera kuti mamvekedwe a Joy Division anawapanga ndi Hannett, ndipo kuyambira 2010 wakhala akuyenda m'maiko osiyanasiyana ndi gulu lake la The Light, akuimba nyimbo zonse 10 za m'chimbalechi kuyambira yoyamba mpaka yomaliza.