Zoti amuna a ku Asia si amuna munaziona kuti?

Dzulo ndakwiya ndipo mpaka pano mtima sunatsike. Ndinali ku baba shopu, magetsi anali atangoyaka kumene ndiye tinadzadza pa benchi kudikira makina amodzi, anyamata akupatsirana foni akuseka mpaka wina misozi ili chuchuchu. Foni itandifika ndikuona ndi chithunzi cha chinkhoswe, mtsikana wa konkuno watchena chitenje chake bwinobwino, pambali pake mwamuna wa ku Asia atavala malaya a chitenje chomwecho akumwetulira. Kaya ndi Mchaina kaya wa ku Korea kaya wa ku Philippines palibe anafunsa, kwa iwo onsewo ndi Achaina basi. Wina akuti mlongo wathuyu watsata ndalama koma kuchipinda azikagona ndi njala. Wina akuti musadandaule azibwera konkuno kudzakhuta. Wometa uja mpaka anazimitsa makina mutu wa munthu uli theka, nkukweza kachala kakang'ono kakumapeto kaja m'mwamba, shopu yonse phwee kuseka.

Ine ndinangofunsa funso limodzi, ndati amwene zimenezi munaziona kuti? Yankho lake ndi limene landilembetsa zonsezi. Akuti aaa bigi inu ngati simuonera, m'mafilimu aja munamuonapo Mchaina wamwamuna ngakhale m'modzi?

Mxii. Ndiye umboni wanu ndi umenewo? Anthu akuluakulu ndevu pepeya, ena ndinu azibambo a ana awiri atatu, maphunziro anu a za matupi a anthu a ku Asia munawatenga mu kanema wolaula amene munabanitsa pa memory card pa msika? Filimu yolaula ndi bizinesi abale. Pali munthu amene amakhala pansi nkusankha kuti uyu alowe uyu asalowe, uyu aoneke chonchi uyu aoneke chonchi, ndipo amasankha poyang'ana chimene ogula ake akufuna kuona. Makanema ambiri amene amazungulira m'mafoni mwanumo ndi a makampani a ku America ndi ku Ulaya, opangira maso a mzungu wamwamuna. Mkazi wa ku Asia alimo wambirimbiri chifukwa mzunguyo amamufuna. Mwamuna wa ku Asia mulibe chifukwa mzunguyo sakufuna kumuona. Nkhani yake ndi yomweyo basi. Munthu sanamuitane ku phwando ndiye inu mukuti ameneyu sadziwa kuvina?

Ndipo ngati mukufunadi kutsutsana pa za makanema omwewo, dziko la Japan lili m'gulu la maiko opanga makanema olaula ochuluka zedi padziko lonse, ndipo amuna ake m'menemo ndi a ku Japan konko. Ndiye zoti kulibe zachokera kuti? Kulibe mu foni yanuyo. Ku America komwe mnyamata wina wa ku Britain wa makolo a ku Thailand, Keni Styles, atayamba kutchuka m'makanema amenewa anthu ankamulemba ngati chozizwitsa, munthu m'modzi yekha kukhala nkhani, zikuonetseratu kuti chitseko chinali chotseka. Mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya California ku Davis, Darrell Hamamoto, zinamukwana mpaka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anajambulitsa yekha kanema wotere wa mwamuna ndi mkazi onse a mtundu wa ku Asia okhala ku America, pongofuna kuonetsa kuti msika wonsewo unalibe chinthu chophweka ngati chimenecho. Kaya mukugwirizana ndi njira yake kaya ayi, ine sindingaiyamikire, koma dandaulo lake linali loona. Richard Fung wa ku Canada naye analemba kale mu 1991 kuti ngakhale m'makanema a amuna okhaokha, wa ku Asia akapezekamo amamuika ngati wantchito, wongomvera, wongochitidwa zinthu. 1991 abale, ena mwa oseka aja musanabadwe anthu anali atazitulukira kale kuti ndi zopanga.

China ili ndi anthu opitirira 1.4 biliyoni. India chimodzimodzi. Ife kuno tangodutsa 20 miliyoni pang'ono ndiye tikuwaseka kuti sadziwa ntchito ya m'nyumba. Ana onsewo anagwa ndi mvula?

Chimene chikundiwawa kwambiri nchakuti oseka ndife. Ife anthu akuda. Fakitale imene inapanga bodza loti mwamuna wa ku Asia ndi wofooka, wamanyazi, wopanda kanthu m'buluku, ndi yomweyo imene inapanga bodza loti munthu wakuda ndi chilombo chongoganiza zogonana. Ndi katundu wa shopu imodzi. Mzungu anadziika pakati kuti iye ndiye mwamuna woyenera, wa nzeru zokwanira ndi thupi lokwanira, uyu wa ku Asia nzeru zambiri umuna ziro, uyu wakuda thupi lokhalokha mutu mulibe. Inu mwatola theka lokukomerani mukuvina nalo, theka linalo simukuliona? Panali pulofesa wina ku Canada, J. Philippe Rushton wa pa yunivesite ya Western Ontario, amene anachita kuzilemba m'buku zimenezi m'zaka za m'ma 1990, kundandalika mitundu ya anthu, akuda mbali iyi, a ku Asia mbali iyo, azungu pakati, nkumati amene ali ndi maliseche aakulu ndi amenenso ali ndi ubongo waung'ono. Asayansi anzake anazikana kuti ndi tsankho lovala jekete. Ndiye iwe ukamadziguguda pachifuwa kuti ife akuda ndiye eni ake a kuchipinda, dziwa kuti ukuvomereza chiganizo chimene mapeto ake akuti ndiwe mbuli. Sungatenge mutu wa bodza nkusiya mchira wake, limabwera lonse.

Chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe. Koma kwa ife si za mawa, chinatipeza kalekale. Ku America anthu akuda ankapachikidwa m'mitengo pa nkhani yomweyi yoti ndi zilombo zofuna akazi achizungu. Emmett Till anali mwana wa zaka 14 pamene anamupha ku Mississippi mu 1955 pomunena kuti wachita zachipongwe kwa mkazi wachizungu mu shopu. Zaka 14. Ndi bodza lomwe mukulisekererali limene linamudya mwana ameneyo. Ndipo m'makanema anu omwewo taonani mmene amamuonetsera munthu wakuda, alibe dzina alibe nkhope alibe mau, ndi chiwalo choyenda basi, ndipo zinali zodziwika mu bizinesi imeneyo kuti akazi ena achizungu amalipiritsa ndalama zoonjezera kuti ajambulidwe ndi munthu wakuda, ngati kuti ndi ntchito yoopsa yofunika alawansi. Umenewo ndiye ulemu umene mukunyadira?

Zoyambitsa bodza lonyoza amuna a ku Asiali si zovuta, malamulo a ku America a 1875 ndi 1882 anatsekera kunja akazi a ku China kenako Achaina onse obwera kudzagwira ntchito zamanja, amuna amene analipo kale nkutsala okhaokha opanda mabanja, oletsedwa kukwatira azungu, ntchito zowatsalira kuchapa ndi kuphika, basi anthu nkuyamba kuti amenewa si amuna. Koma taonani bodza mmene limasinthira malaya. M'zaka za m'ma 1910 m'modzi mwa amuna amene akazi achizungu ankawafera ku Hollywood anali Sessue Hayakawa wa ku Japan. Mu 1930 ku Watsonville ku California azungu anachita zipolowe kumenya anyamata a ku Philippines, wina mpaka kuphedwa, ndipo china chimene chinawapsetsa mtima chinali choti anyamatawo ankavina ndi atsikana achizungu. Mwamva? Nthawi imeneyo mlandu wa mwamuna wa ku Asia unali woti akutilanda akazi. Lero mlandu wake ndi woti palibe mkazi angamufune. Munthu yemweyo, thupi lomwelo. Chasintha ndi chimene wonenayo akufuna pa nthawiyo, akamamuopa amati ndi chilombo, akafuna kumunyoza amati ndi mwana. Inu mwangofika kumapeto kwa filimu nkuyamba kufotokozera anzanu ngati munaiona yonse.

Ndipo tonsefe tinakulira mu video show, musanamizire. Tinkalipira makobidi athu kukhala pa thabwa mu kachisakasa kotentha kuonera Bruce Lee, Jackie Chan, Jet Li, potuluka aliyense akumenya mateche m'malere. Amuna amphamvu kuposa onse amene tinkawadziwa anali amenewo. Koma munayamba mwadzifunsapo kuti bwanji akalowa mufilimu ya ku America mkazi samupeza? Mzungu akamenya adani awiri okha kumapeto wapsompsona mkazi nyimbo ikulira. Jet Li mu Romeo Must Die ya 2000 anamenya tauni yonse ali limodzi ndi woyimba Aaliyah, filimu yotchedwa dzina la Romeo, kumapeto angokumbatirana ngati achibale okumana pa depoti. Mpaka lero zimandinyansa. Kumenya amuloleza, kufa amuloleza, kuseketsa anthu amuloleza, koma kukondedwa ayi. Mu The Hangover ya 2009 Ken Jeong, wa makolo a ku Korea, amatuluka mu buti ya galimoto ali maliseche ndipo nthabwala yake yonse ndi thupi lakelo. Steve Harvey, munthu wakuda mnzathu, mu 2017 anaseka pa TV mpaka kupindika kuti kodi alipo mkazi angakonde mwamuna wa ku Asia, kenako anapepesa anthu atakwiya. Wakuda mnzathu! Amene akudziwa bwino lomwe kuwawa kwa kuyezedwa ngati ng'ombe pa msika.

Ndipo musati ndi nthabwala chabe, zimafika pa moyo wa munthu. A OkCupid, tsamba lija lopezerapo zibwenzi, atatulutsa ziwerengero zawo mu 2014 zinaonetsa kuti amene ankapatsidwa mamakisi otsika kwambiri anali amuna a ku Asia ndi akazi akuda. Akazi akuda, alongo athu, azimayi athu. Ali mu bwato limodzi ndi mwamuna amene mumamuseka uja. Ndiye mukamaseka mukuseka ndani kwenikweni?

Za kukula ndi kuchepa zomwe mumazikonda kwambirizo, madokotala a ku King's College London mu 2015 anasonkhanitsa miyezo ya amuna opitirira 15,000, yoyezedwa ndi azachipatala osati yodzinenera wekha pa bawa, nkupeza kuti utali wapakatikati wa chida chikadzuka ndi pafupifupi masentimita 13, ndipo sanapeze umboni wokwanira woti mtundu wakuti umaposa mtundu wakuti. Mtundu uliwonse uli ndi aatali ndi aafupi, onenepa ndi oonda, kumusi nakonso chimodzimodzi. Amene mumawaona mu kanema aja anachita kusankhidwa pakati pa anthu masauzande chifukwa choti ndi osiyana ndi anthu wamba, kuonjezera kamera, magetsi, mankhwala ndi kudula kanema. Koma munthu wamkulu ndithu kukhulupirira kuti dziko lonse lili choncho.

Ndipo mtsikana wa pa chithunzi uja mwamulakwira kawiri. Mwamunyozera mwamuna wake, mwamutenganso iyeyo ngati munthu amene sangakonde wina pokhapokha pali ndalama kapena pali chija. Anthu awiri agwirizana, akuluakulu a mbali zonse akhala pansi, ankhoswe alandirana, inu amene simunaponyepo ngakhale K500 ya perekaniperekani muli kalikiliki kuyeza za m'buluku la mkamwini wa eni ake. Simumudziwa dzina, simudziwa kwawo, simudziwa ngati amamulemekeza mkaziyo kapena ayi, zomwe ndi zofunika kufunsa. Mukanafunsa kuti kodi akamutenga kupita naye kwawo akakhala motetezeka, mapepala ake ali bwino, abale ake a mwamunayo amulandira munthu wakuda, ndikanati anyamatawa ali ndi nzeru, chifukwa tsankho kumenekonso liliko ndipo sitikubisa. Tonse tikukumbuka za Mchaina uja wa ku Njewa ku Lilongwe amene BBC inamuulula mu 2022 akujambula ana athu makanema onyoza nkumagulitsa kwawo. Tinakwiya dziko lonse ndipo tinayenera kukwiya. Chinatipweteka nchiyani? Kutengedwa ngati zidole zoseketsa chifukwa cha khungu. Ndiye lero ife tikuchita chiyani pa benchi ya baba shopu?

Chinanso chimene chimanditopetsa, anthu omwe mumadzitama kuti akuda ndife akatswiri ndinu nomwe mukudyetsa asing'anga a m'tauni. Tayendani muone mapepala omata pa mapolo a magetsi ndi m'makoma a zimbudzi za pa depoti, kukulitsa chida, kuchedwa kuthira, mphamvu za abambo, nambala ya foni pansi. Ku Joni ndiye osanena, polo iliyonse ili ndi kapepala kake. Akugula ndani ngati nonse munabadwa okwanira? Achaina? Ndi inu nomwe, mumapita usiku mutavala chipewa, gondolosi m'thumba, ena mukumwa mapilisi ogula pa msika osadziwa n'komwe kuti muli chiyani m'kati mwake pomwe BP ili kale m'mwamba, chifukwa kanema uja anakuuzani kuti munthu wakuda weniweni amayenera kukhala chakuti ndipo inu mukadziyang'ana mukuona kuti simukufika. Anyamata a sekondale akudwala nazo maganizo zimenezi, mwana wa Form 2 ali ndi foni yodzadza makanema amenewa ndipo amene anamuikira ndi wamkulu mnzanu wa pa kabenchi ka pa msika, pa mtengo wosakwana ndi wa fanta.