Chokoleti chinali chowonongeka, musanamizire lilime langa

Ndakwiya ndipo sindibisa. Loweruka ndinatsika pa chapa (minibasi) kuchokera ku Ulongwe, kwathu ku Angónia, kupita ku Tete, n'kulowa m'kasitolo kena kogulitsa chokoleti chopanga pamanja. Mayi anga akwanitsa zaka 70, ndiye ndimafuna alaweko ma truffle, timipira tija ta chokoleti chosakaniza ndi kirimu, togubuduza mu ufa wa koko. Kabokosi ka timipira 6, ma meticais 900. Ndinalipira osanyinyirika.

Ndisanatuluke ndinaluma kamodzi. Abale inu! Kunja kotuwa mbuu, m'kati ngati mwathiridwa mchenga, kukhosi n'kutsala fungo la mafuta ogonera. Nditadandaula, mnyamata wogulitsayo amvekere, "Amayi, mwina simunazolowere, chokoleti chenicheni chimakoma choncho."

Sindinazolowere? Ineyo?

Kampira kabwino ndimakadziwa. Ukakaika pa lilime kamasungunuka kokha osatafuna, chifukwa mafuta a koko amasungunuka kutentha kukafika cha m'ma digiri 34, pomwe thupi la munthu lili pa 37. Kamayamba kuwawa pang'ono, kutsekemera kumabwera pambuyo, m'kamwa n'kutsala see. Tija tinasungunuka kale n'kuumanso, mwina kawiri katatu, n'chifukwa chake mafuta anayandama pamwamba n'kutuwa. Kirimu nayenso sachedwa kusasa. Dzuwa la ku Tete ndani salidziwa, mu Okutobala limapyola madigiri 40. Kaya magetsi anathima, kaya firiji inafa, izo n'zawo.

Changa n'chimodzi: katundu akawonongeka, vomerani. Osamuuza kasitomala kuti sadziwa kukoma. Osamuyang'ana munthu kumapazi, kuona fumbi la ku Angónia, basi mwagamula kuti lilime lake ndi la mbatata ndi chimanga chokazinga chokha. Ndalama yanga munailandira bwinobwino, simunati sinazolowere. Vuto linali m'bokosi, osati m'kamwa mwanga. Riboni wagolide, pepala lonyezimira, dzina lachizungu pachivundikiro, chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere!

Akanangoti "pepani amayi, tisinthe," bwenzi nkhani itathera pomwepo. Mawu atatu okha. Koma ayi, wolakwa ndikhale ine amene ndalipira. Mayi anga ndinakawagulira chitenje kumsika, kabokosi kaja sindikanawapatsa.