Musathawe n'kusiya galu ali pa chingwe

Mvula inali itagwa masiku atatu osakata. Cha m'ma 2 koloko usiku ndinadzidzimuka ndi kuuwa kwa galu wathu Mawanga, kuuwa kwachilendo kokhala ngati kulira. Nditatsitsa mapazi pabedi ndinaponda madzi. Tinanyamula ana, mafoni ndi mapepala ofunika, n'kuyamba kuthamangira kumtunda. Titayenda ndithu, mwana wathu wamng'ono anandikoka malaya: "Ababa, nanga Mawanga?" Mtima unangoti myuu. Ndinali nditamumangirira pamtengo kuseri kwa nyumba madzulo ake, ngati masiku onse.

Ndinabwerera. Madzi anali atafika m'mawondo. Ndinamupeza atakoleka miyendo yakutsogolo pa tsinde la mtengowo, mutu atautukula m'mwamba, chingwe chitakungika. Mfundo inali itanyowa n'kulimba moti zala zinakanika, ndiye ndinayamba kulimbana ndi lamba wa m'khosi. Apo m'pamene anandiluma padzanja, galu amene ndinamulera kuyambira ali kamwana. Sindimuimba mlandu, anali ndi mantha. Lambayo atavuka sanandidikire n'komwe, anasambira ulendo wa kumtunda.

Musanditamande chifukwa chobwerera. Ndinalakwitsa kawiri. Poyamba ndinasiya chiweto pa chingwe mvula ili chomwecho. Kachiwiri ndinalowa m'madzi othamanga mumdima, ana akundidikira. Madzi ofika m'mawondo akamathamanga amagwetsa munthu wamkulu. Zikanavuta, ana akanataya galu ndi bambo omwe usiku umodzi.

Ndikamanena izi ena amati, "Inu, anthu akufa, mukudandaula za agalu?" Ndimawamvetsa, ndipo moyo wa munthu ndiwo woyamba, palibe chokambirana. Koma taonani zomwe zinachitika ku New Orleans m'dziko la America mu Ogasiti 2005, namondwe wa Katrina atamiza mzindawo. Mabasi ndi malo ambiri othawirako sankalola ziweto. Anthu ena anakana kuchoka m'nyumba zawo chifukwa sakanatha kusiya galu kapena mphaka, ndipo ena mwa iwo anafera momwemo. Chaka chotsatira, mu Okutobala 2006, pulezidenti George W. Bush anasainira lamulo lotchedwa PETS Act, lofuna kuti maboma a m'zigawo aziganizira ziweto pokonza dongosolo losamutsa anthu pa ngozi. Anazindikira kuti ukaiwala galu pa dongosolo, mwini wakenso wamuika pachiswe.

Chimene chimatinamiza kwambiri ndi mawu akuti "tibwera posachedwa". Pa 27 Epulo 1986, tsiku limodzi chiphulikire fakitale ya magetsi a nyukiliya ku Chernobyl m'dziko la Ukraine, anthu a mumzinda wapafupi wa Pripyat anakwezedwa mabasi atauzidwa kuti akuchoka kwa masiku atatu okha. Ziweto zinatsala. Anthuwo sanabwererenso kukakhala kwawo, agalu ambiri anawomberedwa, ndipo zidzukulu za agalu amene anapulumuka zikuyendayendabe kumeneko mpaka lero. Ku Fukushima m'dziko la Japan zinabwerezeka mu Malichi 2011: anthu okhala pa mtunda wosapitirira makilomita 20 kuchokera pafakitale ya magetsi a nyukiliya imene inachita ngozi anasamutsidwa, ndipo ziweto zotsekeredwa m'nyumba ndi zomangiriridwa zinafa ndi njala komanso ludzu. Mu 2013 boma la Japan linatulutsa malangizo akuti pothawa ngozi, munthu azichoka limodzi ndi chiweto chake. Tsiku lothawa palibe amene amadziwa tsiku lobwerera.

Choncho maganizo anga ndi awa: malo akakhala oopsa kwa inu, ndi oopsanso kwa chiweto chanu, mutengeni. Zikakanikiratu, mumasuleni, mutsegule khola, mumusiyire madzi ambiri ndi mpata wokwera pamalo okwera. Galu womasuka amasambira, mphaka amakwera mumtengo. Womangidwa alibe kolowera.

Koma kunyamula chiweto pa ngozi sikuphweka ngati mmene timaganizira tili phee pampando. Mphaka wathu usiku umenewo sitinamuone n'komwe. Tinamupeza patapita masiku awiri ali pamwamba pa kabati, atawonda, akutifwenthera ngati sakutidziwa. Mphaka akachita mantha sabwera ukamuitana, amabisala, ndipo ukamugwira ndi manja amakukanda n'kupulumuka. Amafunika bokosi kapena dengu lotsekeka lokhala ndi mipata yopumira, ndipo alizolowere kale. Lathu limakhala lotsegula pabalaza, muli kansalu, nthawi zina timamuikira chakudya momwemo. Masiku ano amagonamo yekha. Muyeneranso kudziwa malo amene amakonda kubisala, kuti musamafufuze pansi pa bedi lililonse madzi akukwera. Chenjezo likangoperekedwa, mulowetseni m'chipinda chimodzi mutseke chitseko, zinthu zisanafike povuta.

Za dzanja langa zija. Ndinatsuka balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, monga amalangizira a zaumoyo, ndipo kutacha ndinapita kuchipatala. Chimene chinandikhazika mtima pansi n'chakuti Mawanga anali atabayidwa katemera wa chiwewe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ndipo pafupifupi onsewo amachitenga kwa agalu. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, sichichizika. Tsono ganizirani malo othawirako, anthu ali thithithi, ana akuthamangathamanga, agalu amantha osadziwana akumana pamodzi. Khadi la katemera silepheretsa galu kuluma, koma limasintha nkhani yonse akaluma, ndipo malo ena olandira ziweto amayamba afunsa khadilo. Lathu ndinalikulunga m'pepala la pulasitiki limodzi ndi mapepala a ana, ndinalijambulanso pafoni. Madzi osefukirawo nawonso si abwino: amatenga mkodzo wa makoswe umene umafalitsa matenda a leptospirosis, omwe amawononga impso ndi chiwindi cha agalu ndi anthu omwe. Musalole galu amwe, ndipo akasambiramo mumusambitse ndi madzi oyera.

Pafupi ndi khomo tsopano pamakhala kachikwama kake. Muli chakudya cha masiku angapo, kambale, chingwe choyendera, ndi madzi. Madziwo musawapeputse: galu wolemera makilogalamu 20 amamwa pafupifupi lita imodzi patsiku, kukatentha amaposa pamenepo. Ngati chiweto chanu chimamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, akhale momwemo. Koma chonde, musachipatse mankhwala a anthu poganiza kuti mukuchithandiza ululu. Paracetamol amapha mphaka, ngakhale kam'bulu kamodzi, ndipo ibuprofen amawononga m'mimba ndi impso za galu. Mphaka akakana kudya masiku awiri kapena atatu chifukwa cha mantha, musangodikira, chiwindi chake chimayamba kuwonongeka msanga, apite kwa dokotala wa ziweto.

Pa lamba wa Mawanga ndinalembapo nambala yanga ya foni. Komabe usiku uja unandiphunzitsa kuti lamba amavuka, ineyo ndi amene ndinamuvula. Kumene zikupezeka, kuli kachipangizo kotchedwa microchip, kakang'ono ngati njere ya mpunga, kamene dokotala amakalowetsa pansi pa khungu chapakati pa mapewa. Sikasonyeza kumene chiweto chili, kamangosunga nambala imene makina amawerenga, choncho mukasintha foni muyenera kukasinthitsanso m'kaundula. Chosavuta kwa aliyense ndi chithunzi. Jambulitsani muli limodzi ndi chiwetocho, chifukwa chikasochera n'kupezeka kwa munthu wina, umboni wanu ndi umenewo.

Chinanso chimene sindinachiganizirepo n'chakuti ngozi sidikira kuti mukhale pakhomo. Moto ungabuke muli kuntchito. Ndinakhala pansi ndi anzathu oyandikana nawo nyumba, tinagwirizana kuti wina akachokapo, wotsalayo amasula ziweto za mnzake. Amadziwa pamene pamakhala kiyi, Mawanga amawadziwa fungo, ndipo ine ndimadziwa kumene mphaka wawo amabisala. Ndinafunsiratunso achibale awiri okhala kumtunda ngati angatilandire ndi ziweto zomwe. Mmodzi anavomera, winayo anati galu yekha, mphaka ayi. Kuli bwino ndinamva yankholo kunja kuli ngwee.

Mawanga wakalamba tsopano, kukamwa kwayamba imvi. Mpaka lero mvula ikayamba kugunda padenga amanjenjemera n'kubwera kudzakanda chitseko. Ndimamutsegulira, amagona pafupi ndi kachikwama kake, ndipo chingwe chija sindinachimangenso pamtengo.