Za dzanja m'thumba ndi chipolopolo chomaliza

Alamu anga anditumiziranso chithunzi chija pa WhatsApp. Nonse mukuchidziwa: Yusuf Dikeç wa ku Turkey, imvi mbuu kumutu, magalasi wamba, dzanja limodzi m'thumba, linalo litanyamula mfuti, nkhope ili phee ngati munthu amene akudikira minibasi. Pansi pake wina analembapo zilembo zikuluzikulu kuti kupambana kuli m'maganizo basi. Alamuwo n'kuwonjezerapo awoawo: "Alamu, inu mumangodzivutitsa ndi makope anuwo. Taonani mwamuna mnzanuyu." Sindinawayankhe pompo, chifukwa nkhaniyi imandikhudza ndipo siingakwane mu uthenga wa mizere iwiri. Ndiye ndayiika pano kuti ndi ena aone.

Dikeç anatenga mendulo ya siliva pa mpikisano wa Olimpiki wa ku Paris mu 2024, ali awiri ndi Şevval İlayda Tarhan, pa mfuti yaing'ono yampweya ya mamita 10. Anali ndi zaka 51. Chimene ofalitsa chithunzicho sanena n'chakuti aka kanali kachisanu kupita ku Olimpiki, kuyambira ku Beijing mu 2008, ndipo maulendo anayi oyambawo anabwerako chimanjamanja. Dzanja la m'thumbalonso si matama ayi. Lamulo la masewerawa limati mfuti yaing'ono igwiridwe ndi dzanja limodzi, ndiye linalo uyenera kulipezera pokhala kuti lisamalendewere n'kukugwedeza thupi. Pitani pa mpikisano uliwonse, mupeza pafupifupi mzere wonse manja ali m'thumba kapena atakola pa lamba. Kudekha kumene mukuona pankhope pajapo ndi kwa zaka zambirimbiri zobwereza chinthu chimodzimodzi.

Ineyo ndimawombera mfuti yamtundu womwewo pa kalabu ina kuno ku Johannesburg. Ndinakula ndi legeni m'khosi ngati anyamata ambiri akwathu, ndipo tsiku loyamba ndinkaganiza kuti diso ndili nalo kale. Koma masewerawa ndi ena. Chandamale chili pa mamita 10, ndipo kabwalo ka pakati kopatsa mapointi 10 ndi ka mamilimita 11.5 okha, kochepa kuposa chikhadabo cha chala chachikulu. Amuna ndi akazi omwe timawombera zipolopolo 60 m'mphindi 75. Trigger, kachitsulo kaja timakoka ndi chala, siiloledwa kupepuka kuposa magalamu 500. Anzathu a mfuti yaitali yampweya ndiye zawo n'zoopsa: 10 wawo ndi kadontho ka theka la milimita. Pa ukulu woterowo ngakhale kugunda kwa mtima kumaoneka pa nsonga ya mfuti. N'chifukwa chake mankhwala ochepetsa kugunda kwa mtima ndi oletsedwa m'masewerawa, ndipo Kim Jong-su wa ku North Korea analandidwa mamendulo awiri mu 2008 atam'peza ndi propranolol m'thupi.

Ndiye inde, mutu ndi mtima zili pakati penipeni pa nkhaniyi, alamu sanalakwe pamenepo. Pamene ndikutsutsana nawo ndi pa funso lakuti mutu wolimbawo umachokera kuti. Ndipo munthu amene anandiphunzitsa yankho sindinakumanepo naye. Dzina lake ndi Matthew Emmons, wa ku America.

Pa Olimpiki ya ku Athens mu 2004 Emmons anali ndi zaka 23. Anali atapata kale golide pa mfuti yaitali ya mamita 50 yowombera chogona. Patangopita masiku awiri anafikanso m'ndime yomaliza ya mpikisano umene munthu amawombera chogona, choimirira ndi chogwada. Kutatsala chipolopolo chimodzi chokha, iye anali patsogolo ndi mapointi atatu. Kwa akatswiri a msinkhu umenewo, mapointi atatu ndi mtunda wautali kwabasi. Akanangomenya pena paliponse pafupi ndi pakati, golide wachiwiri anali wake. Anadzutsa mfuti, nawombera. Pa bolodi lake sipanaoneke kanthu. Anatembenuka kuyang'ana oyang'anira mpikisano, kuganiza kuti makina avuta. Atafufuza anapeza kuti chipolopolocho chili pa chandamale cha mnzake woyandikana naye. Iye anali pa nambala 2, koma anawombera cha nambala 3. Anam'patsa ziro, n'kuchoka pa nambala wani kukathera pa nambala 8. Golide anapita kwa Jia Zhanbo wa ku China.

Anthu ambiri akamva nkhaniyi amaseka, ena amati anagwidwa ndi mantha. Koma tamvani zimene mwiniwake anafotokoza. Chizolowezi chake chinali chakuti asanaloze pakati, ankayamba waona nambala ya chandamale kudzera pa mfutiyo, kenako n'kutsitsa mfuti pang'onopang'ono mpaka pakati. Pa chipolopolo chomalizachi maganizo ake onse anali pa kudzikhazika mtima pansi, ndipo nambala ija sanayiyang'ane.

Apa ndi pamene ndimafuna alamu ndi ena onse aime kaye. Munthuyu chikhulupiriro anali nacho, golide anali naye kale m'chikwama. Kudekha ankakufunafuna mwakhama, mwinanso mopitirira. Chimene chinam'gwetsa ndi kakhwerero kamodzi kakang'ono, kosasangalatsa, kamene palibe angakalembe pa chithunzi n'kukafalitsa pa Facebook: kuwerenga nambala. Anachitenga chipolopolo chomaliza ngati chapadera, chofunika njira ina, pomwe chinkangofuna zomwezo zimene anachita pa zinzake zonse.

Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Zangazo zinachitika pa kampikisano ka pa kalabu, Loweruka lina m'nyengo yozizira, anthu oonerera osakwana khumi. Ndinali nditawombera bwino kuposa masiku onse, ndipo pa chipolopolo cha 58 ndinachita chimene ndinaletsedwa: ndinawerengetsera mapointi m'mutu. Ndinaona kuti ndikangomenya ma 9 awiri ndiphwanya mbiri yanga. Cha 59 chinalowa 9. Cha 60 ndinadzutsa mkono, ndinatulutsa mpweya theka, n'kuima. Chala chinakana kuyenda. Masekondi anadutsa, kansonga ka kutsogolo kwa mfuti kanayamba kuvina, maso anayamba kuchita chifunga, phewa kutentha, m'chifuwa kufuna mpweya. Thupi lonse linkandiuza kuti tsitsa, yambiranso. Nthawi inalipo yambiri, mphindi zoposa khumi. Koma mumtima ndinati ndafika kale apa, ndingomaliza. Nditaona kansongako kakudutsa pakati ndinatswanya trigger mwamphamvu. Chinakagwa pa 6, pansi chakumanzere.

Mphunzitsi wathu, mayi wachikulire amene wawombera zaka zambiri, sanandikalipire. Anadikira ndiike kachingwe kosonyeza kuti mfuti ilibe kanthu, ndiiyike pansi, kenako anandifunsa funso limodzi: unadziwa liti kuti chipolopolocho chaonongeka? Ndinati ndisanawombere. Anagwedeza mutu n'kunena kuti ndiye vuto silili pa dzanja. Mwezi wotsatira wonse anandipatsa ntchito yachilendo: pa zipolopolo khumi zilizonse, katatu ndizidzutsa mfuti, ndiloze, kenako nditsitse osawombera, ngakhale zonse zikuoneka bwino. Ankafuna kuti kutsitsa kuleke kumveka ngati kugonja. Mpaka lero ndimaona kuti luso lalikulu limene ndaphunzira pa masewerawa ndi limenelo, ndipo ndi lovuta kuposa kumenya 10.

Makope amene alamu amaseka aja ndi a zimenezi. Tsamba loyamba lili ndi ndondomeko yanga, ndipo siisintha kaya ndi tsiku loyeserera kaya la mpikisano. Mapazi pamalo pake. Kutseka maso, kudzutsa mkono, kutsegula maso n'kuona kumene mfuti yaloza yokha. Ngati yapatuka, ndisunthe phazi lakumbuyo, osati kukakamiza mkono, chifukwa mkono wokakamizidwa umabwerera kwawo nthawi yomwe chipolopolo chikutuluka. Kagwiridwe kofanana nthawi zonse. Mpweya. Diso pa kansonga ka kutsogolo, chandamale chizioneka mwachimbuuzi, chinthu chimene aliyense woyamba amachikana chifukwa mtima umafuna kuyang'ana kumene chipolopolo chikupita. Chala chizikoka mosalekeza molunjika kumbuyo, mfuti n'kulira yokha. Ikalira, mkono ukhalebe m'mwamba kamphindi, ndipo ndisanayang'ane zotsatira ndinene mumtima kumene chagwa. Ndikanena kuti 9 kumanja ndiye n'kupezadi 9 kumanja, tsikulo ndimapita kunyumba wokondwa kuposa tsiku la 10 wongogwera mwamwayi. Masamba enawo ndimalembamo zimene ndinadya, mmene ndinagonera, ndi chipolopolo chimene maganizo anandithawa.

Zambiri mwa izi sizifuna ndalama. Madzulo ndimaima m'chipinda kuyang'ana khoma loyera lopanda chandamale, mfuti ilibe chipolopolo, nditaonetsetsa kawiri, n'kumakoka trigger kwa mphindi 20 ndikuyang'ana ngati kansonga kagwedezeka. N'zotopetsa. Palibe phokoso, palibe mapointi, palibe wokuombera m'manja. Koma anyamata amene amabwera pa kalabu atagula magalasi odula ndi nsapato zapadera mwezi woyamba, akamva za khoma loyera amati zimenezo akudziwa kale. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Ambiri a iwo pakatha miyezi inayi sitiwaonanso, ndipo zimandimvetsa chisoni chifukwa ena amakhala ndi dzanja labwino kuposa langa.

Okonda mawu olimbikitsa amakondanso kutchula Károly Takács wa ku Hungary, ndipo ndi nkhani yoyeneradi kuitchula. Anali msilikali komanso katswiri wa mfuti yaing'ono pamene bomba la m'manja linam'phulikira n'kumuononga dzanja lamanja mu 1938. Anaphunzira kuwombera ndi lamanzere, ndipo mu 1939 anapambana mpikisano wa dziko lake. Olimpiki ya 1940 ndi ya 1944 inalephereka chifukwa cha nkhondo. Anadzatenga golide ku London mu 1948 ali ndi zaka 38, n'kubwerezanso ku Helsinki mu 1952. Anthu amaifotokoza ngati nkhani ya kulimba mtima, ndipo ndi yoona. Koma ine ndikaiganizira ndimaona munthu ali yekhayekha miyezi yambiri, akuphunzitsa chala chimene sichinakokepo trigger kuti chiziyenda molunjika, lero, mawa, mkuja. Kulimba mtimako kunali ndi ntchito ya manja yoti kugwire.

Sindikunena kuti ndondomeko ndi chithumwa. Emmons yemweyo ndi umboni, ndipo gawo ili la nkhani yake limandiwawa nthawi zonse. Ku Beijing mu 2008, mpikisano womwewo, anafikanso pa chipolopolo chomaliza ali patsogolo ndi mapointi oposa atatu. Ulendo uno chandamale chinali chake ndithu. Koma akutsitsa mfuti kuchokera pamwamba monga mwa chizolowezi chake, chala chinakhudza trigger nthawi isanakwane. Anapeza 4.4, n'kuthera pa nambala 4, wopanda mendulo pa mpikisanowo, golide n'kupita kwa Qiu Jian. Kawiri, pa chipolopolo chomaliza, dziko lonse likuona. Ndani wa ife akanabwereranso? Iye anabwerera. Mu 2010 anam'peza ndi khansa ya chithokomiro, anachitidwa opaleshoni, ndipo mu 2012 anali ku London, m'ndime yomaliza ya mpikisano womwe uja. Chipolopolo chomaliza sichinam'komerenso, anamenya 7.6 n'kutsika kuchoka pa siliva, koma mendulo ya nambala 3 anaigwira m'manja. Ndikamva munthu amene sanaimepo pa mzere akumutchula kuti wamantha, magazi amandiwira.

Pali kanthu kenanso kokoma m'nkhaniyi. Tsiku lomwe lija la tsoka ku Athens, mtsikana wina wowombera wa ku Czech Republic, Kateřina Kůrková, anapita kukam'pepesa. Anakwatirana mu 2007, ndipo chaka chotsatira Kateřina ndiye anatenga golide woyamba wa Olimpiki yonse ya ku Beijing, pa mfuti yaitali yampweya. Mwamuna wake atamenya 4.4 uja, anali pomwepo kumukumbatira.

Ndiye alamu, chithunzicho ndachiona, ndipo Dikeç ndimam'lemekeza kwambiri, mwina kuposa amene analemba mawu aja. Loweruka likubwerali konzekani, ndidzakutengani 8 koloko m'mawa. Pa kalabu pali mfuti yobwereketsa alendo, ndipo mphunzitsi adzayamba wakuuzani malamulo a chitetezo: mfuti iziloza kutsogolo nthawi zonse, chala chisayandikire trigger mpaka mutaloza chandamale. Mudzaike dzanja m'thumba mmene mukufunira. Ndidzakupatsani zipolopolo khumi, ndipo pa chakhumicho ndidzakunong'onezani mapointi amene mwatsala nawo kuti mundipose. Kope lanu ndagula kale, lili m'galimoto.