Kulipira pakhomo sikugula ufulu wa chipongwe

Ndakhala ndikudzigwira kuyambira Lamlungu koma zandikanika, ndingonena basi. Dzina sinditchula, mwiniwake adzimva yekha.

Lamlungu masana ndinatenga mwana wa achemwali anga, kamnyamata ka Sitandade 5, kupita naye ku vidiyo sho ina ku Chibavi kukaonera ripiti ya resilini. Kunyumba dikoda inatha masiku, ndipo mwezi ukafika pakati mukudziwa mmene matumba amakhalira. Mwanayo anali atandiumiriza sabata yonse, malume tikaonere Roman Reigns, malume tikaonere Roman Reigns. Tinakwera sakaramento kamvula ka Mzuzu kaja kakuwaza, tinalipira pakhomo, tinakhala benchi yachitatu.

Kutsogolo kwathu kunakhala bambo ena amene ndimawadziwa bwino. Ndi aneba. Munthu wa ulemu wake, wa ana akuluakulu, amene m'mawa womwewo anali mu jekete akupatsa anthu moni pakhomo la tchalitchi. Ndaonerapo nawo resilini pabalaza pawo kangapo konse. Kumeneko amakhala phee, kapu ya tiyi m'manja, rimoti pantchafu. Munthu akamenyedwa ndi mpando iwo amangoti "aa, zochita kukonza izi," n'kupsontha tiyi. Mayi a kunyumba akangosuzumira kuchokera kukhitchini, volyumu imatsika yokha.

Ndiye Lamlungu ndinaona munthu wina mu thupi lomwelo. Refa atawerenga kufika pa 2 n'kuima, bambowo anakwera pa benchi ndi nsapato zamatope. Anayamba kutukwana refa, kutukwana mayi ake a refa, mawu oti sindingalembe pano, ana ali mbwee m'holomo. Makoko a mzimbe anayamba kuuluka kupita ku sikirini. Kenako, pofuna kusonyeza holo yonse mmene akanamumenyera munthuyo akanakhala iwo, anaponya chigongono kumbuyo. Chigongonocho chinapeza mlomo wa mwana wa achemwali anga. Magazi chuu, pa juzi ya sukulu.

Ngozi imachitika, sindikukana. Chandipweteka ine ndi yankho. Nditawagwira mkono n'kunena kuti akulu, taonani mwanayu, anandiyang'ana ngati ine ndiye wolakwa n'kuti, "Aa aneba, pagulu zimatero. Talipira tonse pano. Simuona ku America mmene amachitira?" Basi. Pepani sanatuluke. Anatembenuka n'kupitiriza kukuwa.

Talipira tonse pano! Mwalipira chiyani kwenikweni? Ndalama ija mumapereka pakhomo ndi ya malo pa benchi ndi mafuta a jenereta magetsi akazima. Sigula mlomo wa mwana wa eni. Sigula makutu a ana oti muwadzaze zotukwana. Palibe risiti imene inalembedwa kuti mwini wakeyu waloledwa kusiya ulemu panja pamodzi ndi njinga. Munthu amene kunyumba kwake amaopa kukweza volyumu chifukwa cha akazi ake, akafika pagulu aziopanso kukweza chigongono chifukwa cha ana a anzake. Nanga ana a kwanu okha ndiwo ali ndi milomo?

Mwatchula America, ndiye tiyeni tipite ku America komweko, chifukwa ifenso timaonera. Inde, anthu a m'mabwalo amo amasokosa, ndipo phokosolo ndi mbali ya masewero. Mu 2015 ku Philadelphia, Roman Reigns atapambana Royal Rumble, ndewu ya omenyana ambiri mu ring'i imodzi, bwalo lonse linamukuwiza, ngakhale The Rock atabwera kudzamukweza dzanja sizinathandize. Mu 2017 ku Orlando, tsiku lotsatira atagonjetsa Undertaker pa WrestleMania 33, chionetsero chachikulu cha resilini cha pachaka, anaimirira mu ring'i maikolofoni ili m'manja kwa mphindi zambirimbiri, anthu osamulola kutsegula pakamwa. John Cena anakhala zaka ndi zaka theka la bwalo likumuchemerera, theka lina likumunyoza, mawu akusinthana ngati kwaya ziwiri za pamaliro. Ndipo mu 2014 ku New Orleans, Brock Lesnar atathetsa mbiri ya Undertaker yopambana ka 21 motsatizana pa WrestleMania, bwalo lonse linangoti zii, manja pamutu. Zonsezi ndi gulu. Zonsezi ndi pakamwa, zikwangwani ndi manja m'mwamba. Ndionetseni pamene anamenya chigongono mwana wa mnzake n'kunena kuti talipira.

Ndipo amene anayesa kudumpha kampanda kaja kamene kamalekanitsa oonera ndi ring'i, chinawachitikira mukuchidziwa? Mu 2019 ku Brooklyn munthu wina anathamangira mu ring'i n'kugwetsa Bret Hart, katswiri wakale wa resilini, ali pakati polankhula pa mwambo wolemekeza akatswiri wa Hall of Fame. Mkulu wa zaka 61, woti anadwalapo sitiroko. Munthuyo anatuluka atanyamulidwa, apolisi akumudikira. Mu 2021, mu bwalo lomwelo, wina analumphira womenya resilini Seth Rollins akubwerera kuseri. Nayenso anathera m'manja mwa apolisi. Onsewa anali pagulu, onsewa gulu linali likukuwa. Palibe amene anawaikira kumbuyo kuti zimatero. Tikiti ya kumeneko ndi ya madola, yodula kuposa lendi ya ena a ife ku Mchengautuwa, koma nayonso sigula thupi la munthu. Ndiye ka ndalama kanu ka pakhomo pa vidiyo sho ndi kamene kagule?

Musandimve molakwa ngati ndine wa gulu lija lofuna kuti tizionera ngati tili pa mayeso a MSCE. Ine ndimakuwa. Mu 2019 Kofi Kingston, mwana wobadwira ku Ghana, atatenga lamba kwa Daniel Bryan pa WrestleMania 35, ndinakuwa mpaka mawu anandithera masiku awiri, alandilodi anabwera kudzafunsa ngati kwalowa akuba. Resilini yopanda phokoso ndi nsima yopanda ndiwo. Tinaziona mu 2020 nthawi ya Covid, WrestleMania 36 ikuchitika m'chipinda chopanda munthu ngakhale mmodzi woonera, ukumva kupuma kwa omenyanawo ndi kulira kwa zingwe. Kenako anabweretsa ThunderDome ija, nkhope za anthu oonera kunyumba zili ndandanda pa masikirini, wina akutafuna, wina akuyasamula, mpaka eni ake ankachita kuwonjezera phokoso lojambula kale kuti zimveke ngati kuli anthu. Ndiye phindu la gulu ndikulidziwa. N'chifukwa chake timasiya mipando ya khushoni kunyumba n'kukakhala pa benchi yolasa matako m'holo ya malata yonunkha thukuta ndi chipisi. Timafuna kukuwa ndi anzathu. Kuwani! Imbani! Menyani malata ngati mwini holo walola! Koma chigongono chanu chikhale chanu, ndipo pakamwa panu pakumbuke kuti benchi ya kumbuyo kuli mwana wa Sitandade 5.

Ena mundiuza kuti ndi mowa, ena kuti ndi mavuto a zachuma anthu akufuna potulutsira mkwiyo. Kaya. Tonse tili m'mavuto omwewo, sikuti shuga anakwerera inu nokha.

Chimene ndikukana ine ndi bodza lakuti gulu limasintha munthu. Gulu silisintha munthu, limangomuvula jekete. Amene amatukwana m'holo ndi wotukwana kale, kunyumba amangosowa mpata chifukwa pali apongozi. Amene amaponya makoko pa sikirini ya eni ake, pa TV yake ya ngongole sangaponye ngakhale kapepala ka switi. Tayesani kukakwera pa sofa ya bambo amenewa ndi nsapato zamatope muone ngati adzanene kuti zimatero. Adzakutulutsani ngati galu wolowa m'khitchini. Ulemu amaudziwa bwinobwino, amangosankha malo ouonetsa. Pa katundu wawo ndi pa ana awo, ulemu. Pa katundu wa eni ndi ana a eni, talipira tonse pano.

Ndipo chimandiseketsa mokwiyitsa n'chakuti anthu omwewa ndi amene kunyumba amatiuza kuti resilini ndi yabodza. Tikudziwa! Eni akewo anavomera okha ku New Jersey mu 1989 kuti izi ndi zosangalatsa anthu, si mpikisano weniweni. Palibe chinsinsi chimene mwatulukira. Koma ngati mukudziwa kuti wopambana anasankhidwa kale kuseri, refa mukumutukwaniranji? Refa wake wa pa ripiti, masewero oti anatha dzana, iye ali kwawo akugona. Mukutukwana sikirini, akumva ndi mwana wa achemwali anga. Pabalaza ndinu pulofesa wodziwa zonse, m'holo ndinu woyamba kukhulupirira. Sankhanipo chimodzi, akulu.

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ndiye dambo likayamba kuyaka lokha tithawire kuti? M'holo muja munali tianyamata tambiri, ta ku Chiputula, ta ku Zolozolo, tina toti tinazemba kunyumba. Tonse maso anali pa bambo a jekete aja. Atakwera pa benchi, tiwiri tinakweranso. Atatukwana, tinabwereza mawu omwewo tikuseka. Mawa mphunzitsi akadzamva mawu amenewo m'kalasi tidzati ana a masiku ano. Ana a masiku ano ati? Ana akuphunzira kwa madoda a masiku ano, amene Lamlungu m'mawa anyamula Baibulo, Lamlungu masana anyamula makoko a mzimbe.

Msuweni wanga amene ali ku Joni anakaonera maso ndi maso WWE, kampani ya resilini ya ku America, itabwera ku South Africa mu 2018. Mpaka lero sasiya kuikamba. Akuti anabwerako mawu atasasa, mapazi akuwawa, foni yodzaza mavidiyo ogwedera oti sungaone kanthu. Ndinamufunsa dzulo pa WhatsApp ngati anamenyapo munthu chigongono. Anandiseka. Akuti pambali pake panali bambo wina ndi kamtsikana kake, ndipo nthawi zonse msuweniyo akafuna kudumpha ankayamba wayang'ana kuti kamwanako kali pati. Ndi zokhazo basi zimene ndikupempha. Yang'anani kaye kumbuyo. Sizifuna digiri ya ku Mzuni.

Ndinabwerera kunyumba ndi mwana wotupa mlomo, ndipo amene munakalipiridwapo ndi achemwali anu aakulu mukudziwa chimene ndinakumana nacho. Ine ndi amene ndinasanduka wolakwa. Iwe ukatenga mwana uzimubweza mmene unamutengera, ndiwo anali mawu. Juzi ndinachapa ndekha. Mwanayo Lolemba anapita kusukulu akubisa pakamwa, phala akumwa mbali imodzi. Aneba aja tinakumana Lachiwiri pa mpopi, anandipatsa moni wa bwinobwino, mwadzuka bwanji aneba, kwazizira lero, ngati palibe chinachitika. Jekete inali itabwerera m'thupi. Za mwana osafunsa n'komwe. Ndinayankha moniwo chifukwa ndinaleredwa, koma mumtima ndinali pa chingwe chachitatu ndikufuna kudumpha.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Tsiku lina chigongono chimenecho chidzapeza mwana wa munthu wosaleza mtima ngati ine, ndipo holo idzaonera resilini yeniyeni yopanda refa.

Eni mavidiyo sho nanunso, ntchito yanu si kungowerenga ndalama pakhomo n'kukhala pa mpando mukusewera ndi foni. Munthu akakwera pa benchi mutsitseni. Akatukwana pali ana mubwezereni ndalama yake atuluke. Mukuopa kutaya kasitomala mmodzi, mwataya awiri, chifukwa ine ndi mphwangayu sitidzapondakonso. Ku mpira ndi anthu omwewanso, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Ndisanaiwale, inu oonera kunyumba musadzione ngati angelo chifukwa simukwera pa benchi. Anyani amasekana zikundu. Chipongwe chanu chili pa foni. Ku New York ikamakwana 8 koloko usiku mwezi wa Epulo, kuno imakhala 2 koloko m'bandakucha. Ena a ife timadzuka 5 koloko kukagwira ntchito, sitingachezere usiku wonse mu bulangete ndi rimoti. Timadikira ripiti madzulo. Ndiye munthu wadzuka, watsegula foni kuti aone ngati bwana walemba kanthu, chimene akupeza ndi sitetasi yanu, chithunzi cha wopambana atanyamula lamba, mawu akuluakulu pansi pake, tiemoji ta moto khumi. Pa gulu la WhatsApp la mpingo, pa gulu la makolo a kusukulu, paliponse. Ndani anakutumani? Mwapatsidwa mendulo yanji chifukwa chokhala woyamba kunena? Mukawafunsa akuti bandulo ndi yanga. Nyimbo yake yomweija, ndalipira. Sabata yathayi ndabuloka anthu atatu, mmodzi ndi mlamu wanga weniweni, ndipo akafunsa chifukwa chake muwauze kuti awerenge pano.