Lamulo la madzi lilipo, koma mipopi ndi youma

Dzulo m'bandakucha ndinaperekeza azakhali anga kumjigo wa kwathu kuno ku Mabvuku, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndipo tinapeza zigubu zitandandalikidwa kale mpaka kumsewu, eni ake akusinza pamiyala. Pobwerera, ndowa ili pamutu, azakhaliwo anandifunsa kuti, "Inu ophunziranu, lamulo lija mumati limatipatsa madzi lili kuti?"

Lamulolo lilipodi. Gawo 77 la malamulo oyendetsera dziko a 2013 limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala ndi madzi abwino akumwa, ndipo lamulo la madzi la 1998 ndi limene linachititsa kuti dziko ligawidwe m'zigawo 7 motsata mitsinje ikuluikulu, nyanja ya Chivero, imene imapatsa Harare madzi, n'kugwera m'chigawo cha Manyame. M'kuona kwanga, chimene chikulepheretsa zonsezi n'chakuti udindo unamwazikana kwambiri moti palibe amene tingamugwire dzanja zinthu zikavuta.

Harare ili kumtunda kwa nyanja imene imamwa. Chivero inamangidwa mu 1952 mzindawu udakali waung'ono, ndipo lero mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba imatsira m'menemo zonyansa zimene timataya tokha, kenako madzi omwewo amayeretsedwa kumalo oyeretsera madzi a Morton Jaffray ndi mankhwala ambirimbiri ofuna ndalama zakunja kuti atibwerere m'mipopi. Madzi a m'madamu amayang'aniridwa ndi bungwe la boma loona za madzi la ZINWA, kuyeretsa ndi kugawa ndi ntchito ya khonsolo, pamene kulanga oipitsa mitsinje kuli m'manja mwa bungwe loona za chilengedwe la EMA. Namasupuni akaphimba nyanja kapena nsomba zikayandama zitafa, udindowo umangoponyeredwa uku ndi uku ngati mbatata yotentha. Pakali pano madambo, amene amasefa madzi popanda malipiro, akudulidwa mapuloti, ndipo anthu akumangamo nyumba usiku ndi usana.

Palinso china chimene sitikonda kuchitchula. Amene mawu awo amamveka anakumbitsa kale zitsime zakuya m'mipanda mwawo kapena amagula madzi a m'mathanki, choncho mpopi ukauma sawawidwa mtima. Ifenso, potopa ndi mabilu a madzi amene sitinawaone, tinasiya kulipira, ndipo ndalama zokonzera mapaipi okalamba zikuchepera pomwepo. Kolera wa 2008 ndi 2009 anapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndipo mu 2018 anabwereranso m'madera a Glen View ndi Budiriro mu Harare momwemuno, kumene anthu ankamwa madzi a m'zitsime ndi m'mijigo ngati womwewu umene azakhali adzapiteko mawa.